Funsani Tikuyankheni: Gasi wa methane, thumba la Urea ndi moto woyaka pamachumuni

Mwezi uno makalata ndi mameseji ambiri abwera pa nkhani ya gasi, ena afunsa za feteleza, ena za dizilo, ena za bayogasi wa ndowe, koma ukawaika pamodzi onse akuzungulira pa kampweya kamodzi kotchedwa methane. Ndasankhapo asanu ndipo ena ndawafupikitsako kuti malo akwane.

Zikomo akulu. Ine ndine mlimi wa chimanga ndi soya. Nthawi ija feteleza anakwera modetsa nkhawa ndinamva pa wailesi akuti china chachititsa ndi kukwera mtengo kwa gasi ku Ulaya. Mpaka lero sindimvetsa. Urea ndi timibulu toyera, gasi ndi mpweya, zikugwirizana pati? Kapena ankangotinamiza kuti akweze mitengo? — Mlimi, Mchinji

Bambo, zonamizana pa malonda zimakhalapo ndithu koma pa ichi chokha anakuuzani zoona. Timibulu toyera timene mumathira chimanga chikafika m'mawondo tija tinayamba tili mpweya, mbali ina ndi mpweya womwe tikupumawu, mbali ina ndi gasi wochokera pansi pa nthaka.

Chimene chimanga chimafuna mu feteleza wobereketsa ndi naitrojeni, nchifukwa chake pathumba paja amalemba kuti 46% N. Naitrojeniyo ali mbwee mumlengalenga, pa magawo 100 a mpweya 78 ndi iyeyo, koma chimanga sichingamutape mmene alilimo. Soya wanu uja amatha chifukwa ali ndi tizilombo m'timfundo ta ku mizu tomwe timamugwirira ntchitoyo, chimanga chilibe mwayi umenewo. Nde kufakitale amatenga naitrojeni wa mumpweya nkumulumikiza ndi haidrojeni kuti papangike amoniya, ndipo mutu umauma pa funso loti haidrojeni wochuluka choncho apezeka kuti. Kotchipa kwambiri mpaka lero ndi mu methane, amene ndi gawo lalikulu la gasi wachilengedwe. Kamolekyu kake nkakang'ono zedi, kaboni mmodzi pakati, mahaidrojeni anayi atamuzungulira, CH4 basi.

Koma methane ndi wokanika. Kumuyatsa moto nkosavuta, koma kuti umumasule bwinobwino nkutengapo zomwe ukufuna osamupsereza, pamenepo ndiye pali ntchito. Mutamusakaniza ndi nthunzi ya madzi nkungomusiya choncho palibe chingachitike ngakhale mudikire zaka. Apa ndi pomwe pamalowa katalisiti. Katalisiti ali ngati ankhoswe, amakumanitsa mbali ziwiri zomwe pazokha zikanangoyang'anizana, ukwati nkutheka, koma iwowo salowa m'banjamo, mawa mudzawapeza akuthandizanso ena.

Katalisiti woyamba pa ntchitoyi ndi chitsulo chotchedwa nickel. Mu fakitale muli ng'anjo yaikulu, mkati mwake mwaima mapaipi achitsulo mazanamazana, iliyonse kutalika kwake kupyola mamita 10, ndipo mu paipi iliyonse adzazamo timiyala towotcha tokhala ndi zibowo, topakidwa nickel. Gasi ndi nthunzi zimalowera kumwamba nkumatsika kudutsa m'timiyalamo, kunja kwa mapaipi moto ukulilima mpaka chitsulo kufiira, kutentha kumafika madigiri 800 kapena 900. Ndipo motowo amausonkhezera ndi gasi yemweyo, ndiye kuti gasi akudyedwa kawiri, wina mkati mwa paipi wina kunja kwake. Chotuluka pansi ndi haidrojeni wosakanikirana ndi carbon monoxide, amati syngas, dzina limeneli mulisunge chifukwa libweranso m'mayankho enawa. Carbon monoxide uja amamudutsitsanso ndi nthunzi pa makatalisiti ena, a ayironi ndi a kopa, nkusanduka carbon dioxide uku akutulutsa haidrojeni winanso. Kenako haidrojeni atayeretsedwa amakumana ndi naitrojeni pa katalisiti wa ayironi, madigiri 400 mpaka 500, presha yake yoposa ka 150 kuyerekeza ndi ya mpweya wa panja pano, amoniya nkupangika.

Gawo lomalizali analionetsa ndi Fritz Haber ku Germany mu 1909, ndipo Carl Bosch wa kampani ya BASF analikulitsa mpaka fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau mu 1913, nthawi imeneyo haidrojeni ankamutenga ku malasha, za gasi zinabwera pambuyo. Haber poyamba ankagwiritsa ntchito osmium, chitsulo chosowa kwambiri moti sichikanakwanira mafakitale, ndiye mnzawo Alwin Mittasch anachita kuyesa zinthu masauzande chimodzichimodzi osatopa mpaka anapeza kuti miyala ina ya ayironi ya ku Sweden ikugwira, ndipo makatalisiti ambiri a amoniya mpaka lero akadali a mtundu umenewo. Amoniya akapezeka amamulumikiza ndi carbon dioxide yemwe anatuluka koyamba kuja, nkukhala Urea. Ndiye kuti ngakhale kaboni wa mu timibulu tanu tija anachokera mu methane.

Tsono mukuona kuti gasi akakwera fakitale ilibe kothawira. Mu September 2021 kampani ya CF Industries inaimitsa mafakitale ake awiri ku Britain, kampani ya Yara nayo inachepetsa kwambiri amoniya amene inkapanga ku Ulaya, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022 zinthu zinangoipiratu. Tani imodzi ya Urea imene mu 2020 inkagulidwa madola 200 ndi kanthu pamsika wa dziko lonse inapyola madola 900 mu April 2022. Ife Urea sitipanga, amachita kubwera pa sitima kudzera ku madoko monga Beira ndi Nacala, ndiye onjezanipo thiransipoti, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa kwa kwacha mu May 2022 komanso November 2023, zonsezo zinathera pa thumba lanu. Choncho gasi sanali yekha, koma moto unayambira kwa iyeyo.

Achimwene moni. Ine ndili kuno ku Joni, ndimagwira maganyu dera la Secunda. Anzanga akuti mafuta ena a galimoto kuno amapangidwa kuchokera ku malasha ndi gasi wa ku Mozambique, osati mafuta okumba aja. Zoona zimenezi? Komanso usiku pamachumuni ena pamangoyaka moto, bwanji osamusunga gasi ameneyo? — Mmalawi, Mpumalanga

Achimwene, anzanuwo akudziwa zimene akunena, ndipo muli pamalo penipeni pomwe ntchito imeneyi imachitika mochuluka kuposa malo ambiri padziko. Syngas ndatchula pamwambapa mukhoza kumupanga kuchokera ku malasha kapena ku methane, akangopangika sasankha kuti anachokera kuti. Mukamudutsitsa pa katalisiti wa ayironi kapena wa cobalt, makaboni aja amayamba kugwirana mmodzi pambuyo pa mnzake nkupanga mizere, yaifupi imakhala gasi ndi petulo, yotalikirapo dizilo ndi mafuta a ndege, yaitali kwambiri imakhala phula longa la makandulo. Njirayi ndi ya Franz Fischer ndi Hans Tropsch, anaipeza ku Mülheim ku Germany m'zaka za m'ma 1920, ndipo Germany inaigwiritsa ntchito pa nkhondo yachiwiri chifukwa inali ndi malasha ambiri koma mafuta ayi. South Africa vuto lake linali lomwelo, nde kampani ya Sasol inakhazikitsidwa mu 1950, ku Sasolburg anayamba kutulutsa mafuta mu 1955, ndipo nthawi ya tsankho mayiko atayamba kuimana mafuta anamanga Secunda. Ku Secunda chachikulu mpaka pano ndi malasha, koma kuyambira 2004 pali paipi ya makilomita 865 yochokera ku Temane ndi Pande m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, gasi wake amathandizira ku Secunda ndipo ku Sasolburg anasiya malasha pa ntchito imeneyi nkutengera gasiyo.

Kwina amapangiratu kuchokera ku gasi yekhayekha. Ku Mossel Bay ku South Africa komweko fakitale yotere inayamba mu 1992 koma inaima mu 2020 gasi wa m'nyanja atachepa. Yaikulu kuposa zonse ndi Pearl ku Qatar, ya Shell ndi boma la kumeneko, inayamba mu 2011, imatha kutulutsa migolo 140,000 ya mafuta patsiku koma kuimanga kunadya madola pafupifupi 19 biliyoni. Nambala yomalizayi muigwire chifukwa ndi imene ikuyankha funso lanu lachiwiri.

Moto wa pachumuni cha fakitale nthawi zambiri ndi wachitetezo, presha ikakwera kapena makina akaima mwadzidzidzi gasi amayenera kutuluka msanga, ndipo bola kumuwotcha kusiyana nkumutaya wamuwisi, chifukwa methane wamuwisi amasunga kutentha mumlengalenga pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide mukawerengera zaka 20. Umenewo ndimaumvetsa. Umene umandiwawa ine ndi wa pa zitsime za mafuta, ku Russia, Iraq, Iran, America, Algeria, Nigeria ndi kwina, komwe gasi amatuluka limodzi ndi mafuta ndipo eni ake amangomuyatsa usana ndi usiku chifukwa iwo akufuna mafuta basi. World Bank inawerengera kuti mu 2023 gasi wowotchedwa chonchi anali ma cubic metre pafupifupi 148 biliyoni, wokwanira kupereka magetsi ku mayiko onse a kumwera kwa Sahara. Ku Niger Delta ku Nigeria kuli midzi imene ana abadwa nkukula moto umenewu ukuyaka pafupi ndi nyumba zawo, pomwe mayi awo akuphikira nkhuni.

Chifukwa chake ndi ndalama ndi mtunda. Zitsime zili patalipatali, chilichonse chimatulutsa gasi wochepa ndipo pakapita zaka amachepanso, kuika paipi nkodula, kumuziziritsa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti akhale madzi kumafunanso fakitale yake, ndipo fakitale ya syngas imapindula pokhapokha ikhale yaikulu kwambiri. Chimene chikusowa ndi kamakina koti nkukanyamula pa lole, kukaika pachitsime, gasi kulowa uku, mafuta kapena methanol, mankhwala amadzimadzi a m'mafakitale, kutuluka uko. Makampani angapo ayesa timafakitale tating'ono totere koma mpaka pano sizinafalikire, ndipo chifukwa chenicheni chili m'funso lotsatirali.

Ndionjezepo kamodzi ka ku Mozambique komweko. Gasi wambiri amene anapezeka ku Rovuma kumpoto kuyambira 2010, amene anayamba kutuluka pa sitima ya Coral Sul mu November 2022, amangoziziritsidwa nkutumizidwa kunja mmene alili. Ine maganizo anga ndi oti gawo lina la gasi wa dera lathu lino liyenera kusanduka amoniya ndi Urea konkuno, monga anachitira a Dangote ku Lekki ku Nigeria komwe fakitale yotsegulidwa mu 2022 ili ndi mphamvu yopanga matani 3 miliyoni pachaka. Kuchoka ku Nacala kufika ku Liwonde njanji ilipo kale.

Ndine mtsikana wa Fomu 4 ndipo ndimakonda Chemistry. Methane ndi CH4, methanol ndi CH3OH, kusiyana kwake ndi okosijeni mmodzi yekha. Nde bwanji mafakitale amayamba aphwanya methane yense kukhala syngas kenako nkumanganso? Sangangoikapo okosijeni mmodziyo basi? — Wophunzira, Zomba

Chemwali, funso wafunsali ndi lomwe lasowetsa tulo akatswiri a makatalisiti kwa zaka zambirimbiri ndipo mpaka lero palibe fakitale yaikulu imene ikuchita zimene wanenazo. Waona bwino kuti njira ya masiku ano ndi yozungulira. Amatenga methane, kumuvula mahaidrojeni onse anayi pa moto wa madigiri 900, kenako nkuziziritsa, nkupanikizanso, nkumubwezera ena mwa mahaidrojeni omwewo pa katalisiti wa kopa, zinc ndi alumina, amene kampani ya ICI inayamba kugwiritsa ntchito ku Britain mu 1966, pa madigiri 250 kapena kuposerapo pang'ono. Gawo lopanga syngas lokhalo limadya kuposa theka la ndalama zomangira fakitale yonse. Komabe amachita choncho, matani pafupifupi 100 miliyoni a methanol pachaka, ambiri kuchokera ku gasi ndipo ku China kuchokera ku malasha, chifukwa njira yachidule ikukanika.

Ikukanika pa zifukwa ziwiri ndipo chachiwiri ndiye chovuta. Choyamba, methane alibe pomugwira. Mahaidrojeni anayi aja akhala mofanana mbali zonse, palibe mbali imene ili ndi chaji yoti katalisiti akokerepo, ndipo kudula bondi imodzi ya C-H, yomwe imagwirizitsa kaboni ndi haidrojeni, kumafuna ma kilojoule pafupifupi 439 pa mole, imeneyo ndi imodzi mwa mabondi olimba kwambiri a mtundu wake. Chachiwiri, tiyerekeze wapeza katalisiti waukali woti wadula bondiyo nkuikapo okosijeni, methanol wapangika. Bondi ya C-H ya mu methanol ndi yofewerapo, pafupifupi 400, komanso methanol ali ndi OH amene amamatirira pa katalisiti mosavuta. Ndiye katalisiti uja asanagwire methane wachiwiri amatembenukira methanol yemwe wangopanga kumene, kumusandutsa formaldehyde, kenako formic acid, kenako carbon dioxide ndi madzi, mapeto ake zimangofanana ndi kuti unayatsa moto. Ukachepetsa ukali kuti methanol apulumuke, methane amangodutsa osakhudzidwa. Ukaonjezera, zonse zimapsa. Nchifukwa chake m'malipoti a ofufuza umapeza kuti wina wapeza methanol woyera bwino koma wasandutsa methane wochepetsetsa, wina wasandutsa wambiri koma chotuluka nkukhala utsi.

Anthu ayesa kuzemba msampha umenewu m'njira zingapo ndipo imene ine imandisangalatsa kwambiri ndi ya Roy Periana ndi anzake ku kampani ya Catalytica ku California, anailengeza mu 1998. Iwo anaganiza kuti ngati vuto ndi loti methanol amapsa msanga, tiyeni timuveke chodzitetezera akangobadwa. Anasungunula katalisiti wa pulatinamu mu sulphuric acid waukali kwambiri pa madigiri pafupifupi 200, methane akasanduka amagwirana nthawi yomweyo ndi asidiyo nkukhala methyl bisulfate, amene katalisiti samukhudzanso kwenikweni. Anafika posandutsa motere zoposa 70 peresenti za methane, nambala imene inadabwitsa aliyense. Koma kuti umutulutse methanol m'menemo uyenera kuthira madzi, madzi amafooketsa asidi ndipo katalisiti amasiya kugwira, ndiye uyenera kuumitsanso asidi yense uja, ndipo ndalama zimene unapulumutsa pothawa syngas zimathera pamenepo.

Ena anatengera ku miyala yotchedwa zeolite, imene mkati mwake muli timabowo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tongokwana molekyu imodzi kapena ziwiri. Ku Leuven ku Belgium mu 2005 anaonetsa kuti ukaika kopa m'timabowomo, nkuwotcha mwalawo mu okosijeni pa madigiri 450, nkuuziziritsa kufika pafupifupi 200, nkudutsitsa methane, amasanduka ndithu ndipo amakhala atamatirira m'kabowo osapsa. Kenako uyenera kutsuka ndi madzi kapena nthunzi kuti atuluke, nkuyambiranso kuwotcha. Methanol wake ndi wabwino koma ndi wochepa kwabasi, ndipo kutenthetsa nkuziziritsa mobwerezabwereza choncho fakitale singapirire.

Palinso amene anati tisiye za methanol, tilumikize ma methane awiri kuti tipeze ethylene, amene ndi chiyambi cha mapulasitiki ambiri, majumbo, zigubu, mapaipi amadzi. George Keller ndi Madan Bhasin a kampani ya Union Carbide analemba za njirayi mu 1982, imafuna madigiri pafupifupi 800 ndi okosijeni pang'ono, koma msampha ndi womwe uja, ethylene amapsa msanga kuposa methane ndipo zokolola zimavuta kupyola 30 peresenti. Kampani ya Siluria inafika pomanga fakitale yoyeserera ku La Porte ku Texas mu 2015 koma njirayi sinafike polowa m'malo mwa yakale. Ku Dalian ku China mu 1993 anachotseratu okosijeni kuti pasakhale chopsereza, anaika molybdenum mu zeolite pa madigiri 700 nkupeza benzene ndi haidrojeni. Apa ndiye vuto linakhala mwaye, kaboni amaunjikana m'timabowo tija nkutseka, katalisiti nkufooka m'kanthawi kochepa.

Chimene chimapatsa anthu mtima woti asagwe ulesi ndi choti pali zamoyo zimene zikuchita ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku. M'madambo, m'minda ya mpunga ndi pamwamba pa mitaya ya zinyalala muli mabakiteriya amene chakudya chawo ndi methane. Ali ndi enzyme, katalisiti wa m'thupi mwa zamoyo, yotchedwa methane monooxygenase, ina ili ndi maatomu awiri a ayironi pakati pake ina ili ndi kopa, imatenga okosijeni wa mumpweya nkuika atomu imodzi ndendende pomwe iwe wanenapo, popanda ng'anjo, pa kutentha kwa m'matope basi. Chinsinsi chake china ndi mapangidwe a enzyme yo, methane amalowa m'kanjira kopapatiza kufika pa chitsulo paja, akasanduka methanol amatulutsidwa asanagwidwenso. Koma nawonso sachita zaulere, amalipira ndi mphamvu ya m'thupi mwawo ndipo methanolyo amadya okha. Pakadali pano chimene anthu akwanitsa ndi kuweta mabakiteriyawo, kuwadyetsa gasi, nkuwaumitsa kukhala chakudya cha nsomba, ku Chongqing ku China kuli fakitale ya Calysseo yomangidwa kuti izipanga matani 20,000 pachaka.

Ngati ukufuna kudzalowa m'nkhani zimenezi, limbikira pa mabondi, pa energy ndi pa rates of reaction, Masamu usawataye, chifukwa ntchito ya makatalisiti yagona pa kudziwa kuti mwa zinthu ziwiri zomwe zingachitike ndi chiti chithamange kuposa chinzake.

Akulu, methanol mukumutchulayu ndi yemwe uja amapezeka mu kachasu? — Wowerenga, Ndirande

Ayi achimwene, ndipo apa mumvetsetse chifukwa ndi nkhani ya moyo. Choledzeretsa mu kachasu ndi mowa wina uliwonse ndi ethanol, wochokera ku shuga wofufumitsidwa. Methanol kwenikweni ndi wa m'mafakitale, amapangira guluu wa mapulayiwudi, penti, asidi, mapulasitiki ndi mafuta. Maonekedwe ndi fungo zimafanana ndi ethanol, nchifukwa chake anthu oipa mtima amamuthira mu mowa kuti uchuluke. Akalowa m'thupi chiwindi chimamusandutsa formic acid amene amaononga mitsempha ya maso, mamililita 10 okha akhoza kuchititsa khungu, 30 akhoza kupha. Choopsa nchoti zizindikiro zimachedwa, munthu amaoneka ngati ndi matsire chabe, pakapita maola 12 kapena 24 nkuyamba kuona mwachimbuuzi, kusanza, kupuma mofulumira. Mukaona zimenezi kwa munthu amene anamwa mowa wosadziwika bwino musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala ndipo botololo mulitenge.

Bambo, ife tili ndi ng'ombe zitatu za mkaka ndipo tinamanga thanki ya bayogasi, timaphikira bwinobwino. Mwana wanga akuti gasi ameneyu ndi methane yemwe amapangira feteleza. Nde ngati zili choncho, gulu lathu la alimi silingagule kamakina nkumapanga Urea wathuwathu? — Mayi, Bvumbwe

Mayi, mwana wanu wanena zoona, mu bayogasi wanuyo magawo 50 mpaka 70 pa 100 ndi methane weniweni, wofanana ndendende ndi wa ku Qatar, otsalawo kwambiri ndi carbon dioxide. Ndi wosiyana ndi gasi wa m'masilinda ogula uja, amene ndi propane ndi butane. Koma za kamakina ka Urea ndikuuzeni mosabisa kuti pakadali pano ayi, ndipo wina akabwera kugulu lanu kudzakutsatsani choterocho musatulutse ndalama.

Fakitale imodzi ya masiku ano imapanga amoniya matani 2,000 kapena 3,000 patsiku ndipo ndi kukula kumeneko kumene kumachititsa kuti ng'anjo, makompuresa ndi mapaipi opirira presha zibweze ndalama zake, gasi wa makola a mudzi wonse sangafike ngakhale pa kachigawo kake. Komanso bayogasi ali ndi kafungo ka mazira owola kaja, ameneyo ndi hydrogen sulphide, ndipo sulphur ndi poizoni kwa katalisiti wa nickel, amamatirira pamwamba pake nkumutseka, ngakhale mafakitale akuluakulu amayamba achotsa sulphur yense ndi zinc oxide gasi asanafike pa ng'anjo. Ofufuza akuyesa ndithu za bayogasi, ku Perth ku Australia kampani ya Hazer inamanga fakitale yoyeserera pamalo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, yosandutsa methane kukhala haidrojeni ndi graphite, kaboni wonga wa mu pensulo, pogwiritsa ntchito miyala ya ayironi ngati katalisiti, koma izo zikadali zoyesa ndipo ndi za mzinda wathunthu.

Komatu feteleza muli naye kale. Tizilombo ta mu thanki timatenga kaboni ndi haidrojeni nkupanga gasi, koma naitrojeni, phosphorus ndi potassium zimene zinali mu ndowe zimatsala mu phala lotuluka kumapeto kuja, ndipo mbali ina ya naitrojeniyo imakhala itasanduka kale ammonium, imene mbewu zimatapa msanga kuposa ya mu ndowe yaiwisi. Chimene chimaononga ndi kulisiya phalalo padzuwa pamtetete, naitrojeni amauluka ngati amoniya, mukamva kafungo kolasa m'mphuno ndiye kuti akuthawa. Likumbireni dzenje lokhala ndi denga kapena mulivundikire, mukhoza kulisakaniza ndi mapesi ndi udzu pa kompositi, ndipo mukathira m'munda mukwirire tsiku lomwelo. Pa chimanga chambiri mwina mudzafunabe Urea pang'ono, koma pa dimba, pa nthochi ndi pa nsenjere za ng'ombe zanuzo phalalo limagwira ntchito yooneka.

Pa gasi weniweniyo ndikupempheni ziwiri. Kuti kafungo kaja kachepe komanso mbaula isachite dzimbiri msanga, ikani pa paipi kabotolo kotsekeka bwino kodzaza ndi waya wotsukira mapoto amene wachita kale dzimbiri, dzimbirilo limagwira sulphur, akada bii mumusinthe, koma wakaleyo mumutaye panja pa dothi kutali ndi udzu chifukwa akakumana ndi mpweya amatha kutentha. Chachiwiri, methane payekha alibe fungo ndipo akafika magawo 5 mpaka 15 pa 100 mu mpweya wa m'chipinda amaphulika ndi kamoto kakang'ono, ndiye fungo likachepa chifukwa cha kabotolo kaja mphuno musaidalirenso. Kukhitchini kuzikhala kopita mphepo, ndipo kamodzi pamwezi pakani thovu la sopo pamalo onse olumikizira mapaipi ndi pa vavu, pomwe pakutuluka timathovu pamangidwe tsiku lomwelo musanayatse mbaula.